Refa Amene Mtima Unamuimitsa Pakati pa Bwalo

A Mackford Luhanga anabwera ku Blantyre kuchokera ku Rumphi m'chaka cha 1968, ali mnyamata wa miyendo italiitali, atanyamula setifiketi ya JC ndi sutikesi yamalata. Analembedwa ukalaliki ku ofesi ina ya boma, ndipo pampando womwewo anakhalapo mpaka imvi kumera. Koma mukanafika ku Zingwangwa kapena ku Chilobwe n'kufunsa kuti a Luhanga akalaliki amakhala pati, anthu akanangoyang'anana. Mukanati a refa, aliyense akanakulozerani nyumba ya malata ofiira kumtunda kwenikweni kwa Chilobwe, kumene msewu umathera n'kuyamba miyala ya phiri la Soche.

Kuimbira mpira anayamba mu 1974, ndipo masewero aakulu oulutsidwa pa wailesi sanawaimbirepo. Awo anali a matimu a m'madera, pa mabwalo afumbi opanda mpanda, pamene oonerera amaima pamzere penipeni ndipo mbuzi imatha kudutsa masewero ali mkati. Chimene ankanyadira n'chakuti mpira sunkawasiya kutali. Wosewera akagwa, podzuka ankapeza a Luhanga aima kale pomwepo, wezulo ili kukamwa, sakupuma n'komwe mwawefuwefu. N'chifukwa chake akagamula, anthu ankang'ung'udza koma osatsutsa. Ankadziwa kuti bamboyo waona.

Masewero akatha ankapita pachiwaya pafupi ndi msika wa Zingwangwa, n'kudya nyama ya nkhumba ya mafuta ake omwe, yothira mchere wambiri ndi tsabola, kenako n'kuyatsa ndudu. Fodya anayamba ali kusukulu. Akazi awo a Ruby, amene iwo ankawaitana kuti NyaMsiska monga mwa kwawo, akadandaula za fodyayo, a Luhanga ankayankha kuti munthu wothamanga mphindi makumi asanu ndi anayi Loweruka ndi Lamulungu lililonse utsi sumukhala m'chifuwa. Bambo awo anagwa m'munda ku Rumphi khasu lili m'manja asanakwane zaka makumi asanu ndi zisanu, koma zimenezo iwo sankazilumikiza ndi chilichonse.

Ululu woyamba unabwera mu June 1995, tsiku la chiperoni. Anatsika minibasi pa siteji ya Chilobwe madzulo, n'kuyamba kukwera mtunda umene anaukwera zaka makumi awiri osauganizira. Atafika pakati, anamva ngati wina wawamanga lamba pachifuwa n'kumakoka. Sikunali kubaya ayi. Kunali kuthina, kulemera, ndipo kunakwera mpaka kunsagwada n'kutsikira kumkono wamanzere. Anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato kuti amayi amene ankabwera m'mbuyo ndi zidebe za madzi asaone. Patapita mphindi zitatu kapena zinayi zinatha zokha, ndipo anafika kunyumba n'kudya bwinobwino.

Mlungu wotsatira zinabweranso, pamalo omwewo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Kenako zinayamba kuwapeza pa bwalo, makamaka m'chigawo chachiwiri. Atawauza a Ruby, iwo anawakakamiza kupita ku kachipatala kena ka pulayiveti, mwa tija tinamera paliponse matipate atabwera. Kumeneko anawauza kuti ndi zilonda za m'mimba, n'kuwapatsa botolo la mankhwala oyera ngati laimu. Atabwererako anati ndi chibayo, n'kuwabaya majakisoni asanu. Ulendo wachitatu anapatsidwa mankhwala a malungo. Mkulu wa mpingo wina anati ndi maganizo chabe. Mnzawo wa ku ofesi anawanong'oneza kuti alipo amene akufuna mpando wawo, ndipo akudziwa sing'anga wabwino ku Bangwe.

Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri n'chakuti matendawo analibe mboni. Akafika pamaso pa wachipatala aliyense, atakhala pa benchi maola awiri, ululu unkakhala utatha kalekale. Ankaoneka munthu wamphamvu, wopanda chifuwa, thupi losatentha. Abwana awo ku ofesi anayamba kufunsa ngati matendawa amadziwa kuti Loweruka ndi tsiku la mpira, popeza sankawagwira Loweruka. A Luhanga sakanatha kuyankha kuti Loweruka ndiye linali tsiku loipitsitsa, chifukwa akanatero nkhani ikanafika kwa anzawo oimbira mpira.

Mu December anapita ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko anakumana ndi a Hawkins Namacha, dokotala wamng'ono wa mawu ochepa. Ena onse ankafunsa kuti pakuwawa ndi pati. A Namacha anafunsa kuti pamawawa nthawi yanji, akuchita chiyani, ndipo pamasiya akatani. Anafunsa za fodya, za chakudya, za imfa ya bambo awo. Anawayeza bipi n'kupeza kuti yakwera. Anawatumiza kukayezetsa shuga, n'kuwagoneka pa bedi powamata timawaya pachifuwa. Atamaliza zonsezo anawauza kuti vuto lili mumtima, ndipo dzina lake la m'mabuku ndi anjaina.

A Luhanga anakana. Anati mtima wawo ndi umene wawathamangitsa zaka zonsezi.

“Mwati mumakhala kumtunda ku Chilobwe,” anatero a Namacha. “Madzi amatuluka nthawi yanji pampopi wanu?”

“Akumunsi akatseka mipopi yawo.”

“Ndi zomwezo. Mtima ndi mnofu, nawonso umadya magazi kudzera m'timitsempha take. Tanuto tachepa mkati, mafuta amatirira ngati dzimbiri m'paipi. Mukakhala pansi, magazi ochepa amene akudutsawo amakwanira. Mukathamanga, mukakwera phiri, mukakhuta kwambiri, kukazizira, ngakhale mukakwiya, mtima umafuna ambiri koma paipi ikukana. Ululu mukumvawo ndi mtima ukudandaula njala.”

Anawafotokozera kuti fodya, bipi, mafuta a nyama ndi mtundu wa kwawo, zonse zinathandizana kutseka mitsemphayo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo kuthamanga kwa Loweruka sikukanatsuka zimenezo. Kenako anawalembera mankhwala a mitundu itatu.

Woyamba unali asipirini, kachidutswa kamodzi tsiku lililonse atadya. A Luhanga anaona ngati akuchitidwa chipongwe. Kuyenda miyezi isanu ndi umodzi, kudzera m'majakisoni, kuti adzapatsidwe mankhwala ogulitsidwa pa okala iliyonse? A Namacha anati ntchito yake pano si ya mutu, koma kuti magazi asaundane pamalo pothinapo. Wachiwiri unali timapiritsi tofiirira totchedwa puropuranolo, tomwa m'mawa ndi madzulo, toletsa mtima kuthamanga kuti usamafune magazi ambiri, komanso totsitsa bipi. Apa a Namacha anagogoda tebulo ndi chala: timeneti sitisiyidwa mwadzidzidzi, ngakhale munthu akumva bwino. Wachitatu unali timapiritsi ting'onoting'ono toyera ta GTN, m'kabotolo kagalasi kakuda. Timeneti si tomeza. Ululu ukayamba, munthu akhale pansi, aike kamodzi pansi pa lilime kasungunuke, ndipo kamatsegula mitsempha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Angathenso kuika kamodzi asanayambe kukwera mtunda. Koma tisachoke m'kabotolo kake, chifukwa mphamvu yake imauluka ndi kutentha ndi mpweya, ndipo pakatha miyezi iwiri chitsegulireni botolo, totsalato n'totaya. Ululu ukapitirira mphindi khumi ndi zisanu ataika kale, asadikirenso, athamangire kuchipatala.

Za mpira a Luhanga anafunsa ali kale pakhomo, ngati nkhani yongokumbukira. A Namacha anati kuyenda ayende tsiku lililonse, pamalo athyathyathya. Kuthamanga ndi anyamata a zaka makumi awiri, ayi.

Mankhwalawo anagwira ntchito, ndipo zimenezo sizinawasangalatse monga a Ruby ankayembekezera. Kapiritsi ka pansi pa lilime kankachotsadi ululu, koma kankasiya mutu ukugunda ngati muli osula zidebe. Tofiirira tija tinawalemeretsa miyendo n'kuwaziziritsa manja, moti akafuna kufulumira thupi linkakana, ngati galimoto yoyenda buleki itagwira. Kunyumba a Ruby anachotsa mchere patebulo, nayamba kuphika ndiwo zongowiritsa, nyemba, masamba, nsomba yowamba. Fodya a Luhanga anasiya, anayambiranso, n'kusiyanso, ndipo m'masabata amenewo m'nyumba munalibe mtendere. Tsiku lina anakankha mbale n'kunena kuti munthu wa ku ndende amadya bwino kuposa iwo. A Ruby anangotola mbaleyo n'kuibweretsanso madzulo, ndiwo zake zomwezo.

Panalinso miyezi imene ankaima pamzere wa pawindo lolandirira mankhwala m'mawa wonse, pofika kutsogolo n'kuuzidwa kuti tofiirira tatha, akagule ku famase. Ankakwera minibasi mpaka ku Limbe ku famase ya a Ahmad, kumene mtengo unkasintha pafupifupi ulendo uliwonse chifukwa kwacha inali itagwa. Ankabwerako atatopa, atakwiya, kenako n'kukumbuka kuti kukwiyako nakonso kwaletsedwa.

Kwa anzawo a komiti ya oimbira mpira ananama kuti bondo likuvuta. Tcheyamani wa komitiyo, a Rafaeli Malunga, mnzawo wa zaka zambiri, anawaika kukhala onyamula mbendera kumbali kwa bwalo. Anagwira ntchitoyo miyezi ingapo, akuona anyamata amene iwo anawaphunzitsa akuimba zolakwika pakati pa bwalo. Kabotolo kaja kankatukumula thumba la malaya ndipo kankalira akamayenda. Poopa mafunso, anatenga timapiritsi titatu n'kutikulunga m'kapepala ka pulasitiki, n'kutibisa m'kachikwama ka makhadi achikasu ndi ofiira. Kachikwamako kankakhala pawindo la kuchipinda, pamene dzuwa la masana limafika, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Popeza kunyamula mbendera sikunkawathamangitsa kwambiri, timapiritsito tinakhala momwemo osagwiritsidwa ntchito.

Mu October 1996 kunali ndime yomaliza ya chikho chimene mkulu wina wabizinesi anakhazikitsa m'deralo. Inakumana timu ya ku Zingwangwa ndi ya ku Chilobwe. Mwa lamulo munthu wa ku Chilobwe sakanaimbira masewero amenewo, koma matimu onse awiri anakana ma refa ena onse n'kutchula a Luhanga. A Rafaeli anakwera okha mpaka kunyumba ya malata ofiira kudzafunsa ngati bondo lingalole. A Ruby anali kuseri akutsuka mbale. A Luhanga anavomera motsitsa mawu.

Anadziwa kuti ndi miyendo yolemerayo sangathe. Ndiye Lachiwiri anasiya kumwa tofiirira tija. M'mawa ndi madzulo ankatenga kapu ya madzi, n'kutsegula kabotolo kuti kamveke, n'kumwa madzi okha. Lachinayi anadzimva wopepuka ngati kale, ndipo anaseka ku ofesi koyamba m'miyezi yambiri. Lachisanu mtima unayamba kugunda mwamphamvu ngakhale atangokhala pampando, koma anadziuza kuti ndi chisangalalo. Loweruka anauza akazi awo kuti akukanyamula mbendera monga mwa masiku onse.

Dzuwa la tsiku limenelo linali lowotcha, ndipo anthu anadzaza bwalo mpaka kukwera m'mitengo ndi pamadenga a maokala. Chigawo choyamba chinayenda bwino. Chilobwe inagoletsa chigoli chimodzi, ndipo a Luhanga anali pomwepo pamene mpira unkalowa. Panthawi yopumulira anamva kuthina pang'ono, n'kukana kukumvera. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, lamba uja anakoka mwamphamvu kuposa kale lonse. Mpira utatuluka kunja, anatulutsa kachikwama ka makhadi ngati akulemba dzina la wosewera, n'kuponya kapiritsi pansi pa lilime. Anadikira kutentha kuja kumene kamachita mkamwa, ndi kugunda kwa mutu. Panalibe chilichonse. Kanangosungunuka ngati choko. Anaika kachiwiri, kenako kachitatu.

Kuyambira pamenepo sanachokenso pakati pa bwalo. Ankangotembenuka kutsatira mpira ndi maso, thukuta lozizira likutsika, mkono wamanzere utalemera. Anthu anayamba kukuwa kuti refa athamange. Kutatsala mphindi zochepa, wosewera wa Zingwangwa dzina lake Austin anamenya mpira wamphamvu kuchokera patali. Unagunda chitsulo chapamwamba cha golo, n'kugwera pansi, fumbi n'kubuka, goloboyi n'kuugwira. Wonyamula mbendera anali atatsekerezedwa ndi anthu amene analowa kale m'bwalo. Maso onse anatembenukira kwa a Luhanga, amene anali kutali, ndipo pa nthawiyo ankaona zinthu ngati zili m'nkhungu. Sanaone ngati mpira unadutsa mzere. Lamulo limene iwo eni ankaphunzitsa ena limati chimene sunaone usaimbe, choncho anakweza dzanja kuti masewero apitirire. Posakhalitsa anaimba wezulo yomaliza, n'kukhala pansi pomwepo pafumbi.

Anthu a Zingwangwa anawazungulira. Ankati refa wagulidwa, wadya za kwawo, ndipo kukhala pansiko ndi machenjera othawira mlandu. Wina anawalanda wezulo. Wina anawathira fumbi kumutu, akunena kuti ino ndi demokalase, za kale zija zinatha. A Luhanga ankafuna kulankhula koma mpweya sunkakwanira.

Amene anang'amba gululo anali a Ruby. Masana amenewo, pokonza kuchipinda, anapeza kabotolo kakuda katasiyidwa m'thumba la jekete, ndipo atatsegula ka tofiirira anaona kuti sikanatsike mlungu wonse. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanapondepo pa bwalo la mpira. Anatsika Chilobwe wapansi atamanga chitenje m'chiuno, anakankha amuna aakuluakulu ndi zigongono, n'kugwada pafumbi. Sanakalipe. Anawatsegula pakamwa ngati mwana n'kuika kapiritsi pansi pa lilime.

“Amene ali ndi galimoto abwere nayo,” anatero a Ruby, osayang'ana munthu. “Zotukwanazo mukamalizire kuchipatala.”

Ululu unachepa koma sunathe. Anawanyamula pa pikapu imene inabweretsa timu ya Zingwangwa, osewera ena atakwera momwemo akadali okwiya.

Anagonekedwa masiku asanu ndi limodzi. A Namacha anawauza kuti mtima sunawonongeke, koma unafika pakhomo penipeni. Anafotokoza kuti mtima umene wazolowera kugwiridwa ndi mankhwala aja, akachotsedwa mwadzidzidzi umathamanga kuposa poyamba, ndipo timapiritsi ta m'pulasitiki tinali titatha mphamvu kalekale pawindo paja. Anawonjezera mankhwala ena otsegula mitsempha omwa tsiku lililonse. Sanawadzudzule, anangowafunsa ngati panali mawu amene sanamveke bwino ulendo woyamba uja. A Luhanga anayankha kuti onse anamveka.

Atatuluka anapeza kalata ya komiti yowaimitsa kuimbira mpira mpaka nkhani ya ziphuphu itafufuzidwa. Anapita ku msonkhano atanyamula mapepala a kuchipatala ndi mabotolo onse, n'kuwandandalika patebulo. Komiti inavomereza kuti panalibe umboni wa ziphuphu. Koma a Rafaeli anafunsa chifukwa chimene anawanamizira za bondo chaka chathunthu, n'kuwalola kukwera phiri kudzawapempha ntchito imene ikanawapha. A Luhanga anatula pansi udindo tsiku lomwelo, ndipo ubwenzi wa awiriwo sunabwererenso mwakale. Ankapatsana moni pamaliro basi.

Mtunda wa Chilobwe unakhala wosatheka. Ngakhale ataika kapiritsi pa siteji asanayambe kukwera, ankaima kawiri kapena katatu panjira. Chaka chotsatira a Ruby anapeza banja lina lofuna nyumba yokulirapo, n'kugwirizana zosinthana. Nyumba imene anapeza inali yaing'ono, pamalo athyathyathya, pafupi ndi msewu wa minibasi, monga dokotala ankafunira. Koma inali ku Zingwangwa, pakati pa anthu omwe aja ankakhulupirira kuti a Luhanga anawabera chikho. A Luhanga anatsutsa mlungu wathunthu. A Ruby anati iwo sanakwatiwe kuti adzakhale namfedwa chifukwa cha manyazi a mpira, ndipo katundu anakwezedwa pa lole.

Ku Zingwangwa anthu sanawachite chipongwe choonekera. Ena anamva za matendawo n'kumvetsa. Ena ankati munthu wodwala mtima sayenda chonchija, taonani akuzungulira msika m'mawa uliwonse ngati msilikali. Kuyendako kunali kolamulidwa ndi dokotala, koma a Luhanga anatopa n'kufotokoza. Anapuma pa ntchito ya boma mu 1998, ataonda, atasiyiratu fodya, ululu ukubwera mwa apo ndi apo.

Tsiku lina m'chaka chimenecho akuchokera kogula tomato, anakumana ndi Austin, amene tsopano anali atasiya mpira n'kumawotcherera mageti ndi mawindo m'mbali mwa msewu. Austin anazimitsa makina ake, n'kuwapatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za thupi. Kenako anati pali chinthu chimene wakhala akufuna kuwafunsa iwo eni, pakamwa pawo.

“Sindinaone, mwanawe,” anatero a Luhanga, Austin asanamalize n'komwe funsolo. “Ndikanakhala pamene ndimayenera kukhala, ndikanaona.”

“Unalowa, a refa. Unadutsa mzere ndi phazi lathunthu.”

“Goloboyi amati sunalowe.”

“Goloboyi ndi wa kwanu ku Chilobwe.”

A Luhanga anamva mawu akukwera kukhosi, ambiri, a zaka makumi awiri ndi ziwiri zimene anaimbira mpira popanda wowaloza chala. Anamvanso pachifuwa pakuyamba kuthina. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupempha Austin kuti awabwereke mpando. Austin anapukuta kampando kachitsulo ndi malaya ake, n'kuwabweretsera pamthunzi. Anakhala pamenepo mphindi zingapo, jumbo ya tomato ili pamiyendo, pamene Austin ankajambula golo pafumbi ndi kachitsulo kuti awaonetse pamene mpira unagwera.